Khoma la Miyala la Pamathiriro

"Tsamba la khumi ndi chinayi lili kuti?"

Ndinamenyetsa lipotilo patebulo mwamphamvu moti kapu inadumpha, tiyi n'kutayikira pamapu. Aphunzitsi sanadzidzimuke. Anatulutsa mpango m'thumba n'kuyamba kupukuta mapuwo pang'onopang'ono, ngati munthu amene ankadziwa kale kuti tsikuli lidzafika.

"Khalani pansi, mayi. Anthu akumva panjapo."

"Amve! Sindikhala pansi. Ndafunsa kuti tsamba langa lili kuti."

Ndinkawatchulabe kuti Aphunzitsi ngakhale kuti panthawiyo anali bwana wanga ku ofesi yoona za mitsinje ndi magombe. Ndiwo anandiphunzitsa kuyunivesite. Tsiku loyamba la maphunziro awo sanatilowetse m'kalasi ayi. Anatitengera kugombe la nyanja, natiuza kuti tivule nsapato, kenako anaponya lalanje m'mafunde. Tinaliyang'ana likupita, likubwera, likupita, likubwera, mpaka tinazindikira kuti silinkabwerera pamalo amodzimodzi. Linkasendera cham'mbali. Tinalitsatira wapansi kwa ola lathunthu, iwo ali patsogolo ndi chipewa chawo chakutha, akufuula kuti, "Mchenga mwapondawo nawonso uli pa ulendo womwewu!" Tsiku limenelo ndinabwerera kuchipinda changa mapazi atatupa, koma ndikudziwa ntchito imene ndidzagwire moyo wanga wonse.

Kwa zaka zitatu ndinayeza gombe la tauni yathu. Ndinakhoma zikhomo zachitsulo khumi ndi ziwiri kuyambira pamathiriro, pamene mtsinje umalowa m'nyanja, kulowera kumpoto. Mwezi uliwonse, kaya kuli dzuwa kaya mvula, ndinkakoka tepi kuchokera pachikhomo chilichonse kukafika pamene mafunde amalekezera. Zimene manambalawo ankanena zinali zosavuta kumva. Mtsinje umatsika kumapiri utasenza mchenga n'kuutula pamathiriro. Mafunde, popeza amabwera chopendekera kuchokera kum'mwera, amautola n'kumaukankhira kumpoto motsatira gombe. Nyengo ya mphepo nyanja imaluma gombelo, koma mchenga watsopano umabwera kudzatseka balalo.

Tsopano kampani ina inkamanga hotela pafupi ndi mathiriro. Inkafuna khoma la miyala lolowa m'nyanja mamita mazana awiri, loti lizigwira mchengawo kuti alendo akhale ndi gombe lalikulu lowotherapo dzuwa. Kuseri kwa khomalo, chakumpoto, kunali nyumba za anthu wamba. Ya achemwali anga inali mumzere woyamba, moyang'anizana ndi chikhomo chachisanu ndi chiwiri.

Patsamba la khumi ndi chinayi ndinalemba mosapita m'mbali kuti khomalo likamangidwa, gombe la kumpoto lidzafa ndi njala ya mchenga, ndipo nyumba za mumzere woyamba zidzagwera m'nyanja pasanathe zaka zitatu. Mu lipoti limene linasindikizidwa munalibe tsambalo. M'malo mwake munali kachiganizo kamodzi konyambita: "Pangakhale kusintha pang'ono kwa gombe, komwe kudzafunika kuunikidwa." Pachikuto, dzina langa lili mbee, m'munsi mwa dzina lawo.

"Ndangofewetsa mawu," anatero Aphunzitsi.

"Mwafewetsa? Mwazula dzino lonse, ndiye mukuti mwafewetsa?"

Ananyamuka, natsegula kabati yachitsulo imene inali kuseri kwa mpando wawo. Munali malipoti okhaokha, othinana, ena atachita chikasu, ena atadyedwa ndi njenjete m'mphepete.

"Onsewa ndinalemba ndine," anatero. "Onsewa ankanena zoona. Tandiuzeni, ndi liti limene linaletsapo chinthu? Ili linkakana zokumba mchenga mumtsinje, akukumbabe mpaka lero. Ili linkakana msewu wa m'dambo, mwaudutsa m'mawa uno pobwera kuno. Khomali limangidwa, mwana wanga, tifune tisafune. Akuluakulu anagwirizana kale ife tisanakoke n'komwe tepi. Ndikanakana kusaina akanapeza wina, woti sadziwa ngakhale kumene mafunde amachokera. Ine ndakhala nawo pansi, ndawanyengerera, avomera kudulako mamita makumi atatu."

"Makumi atatu pa mazana awiri! Mchenga udutsa bwanji pamenepo? Mukudziwa bwino lomwe kuti sudutsa."

"Ndikudziwa."

Akanatsutsa, akanati manambala anga ndi olakwika, bwenzi titakangana ngati anthu a ntchito imodzi, mwina mtima wanga ukanatsikako. Koma anangoti "ndikudziwa," mofatsa, akubweza mpango wonyowa m'thumba.

"Chotsani dzina langa pachikutopo."

"Mabuku anapita kale. Loweruka agawidwa kumsonkhano wa anthu a m'deralo."

Ndinatola chikwama changa n'kutuluka osatsanzika. Alembi awiri amene anali atamata makutu kukhoma anabalalika ngati nkhuku.

Masana omwewo ndinakwera basi kupita kwa achemwali. Ndiwo anandilera kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, amayi athu atamwalira. Anali telala. Kachipinda kawo kosokera kanali kuseri kwa nyumba, zenera lake loyang'ana kunyanja, ndipo makina amene anali mmenemo ndiwo anandipititsa kusukulu kuyambira pulayimale mpaka kuyunivesite. Ndikakumbukira ubwana wanga, chimene ndimamva m'makutu ndi phokoso la makinawo ndi mafunde, zikulandizana.

Panja ndinapeza lole ya alamu anga itaima, itadzaza miyala ikuluikulu yakuda. Eni ake anali pansi pake ndi sipanala. Atandiona anatulutsa mutu, nkhope yonse ili girizi.

"Ee, alamu anga afika! Adokotala a mchenga! Odwala anu adzuka bwanji lero? Malungo aja atsika?"

Masiku onse ndinkaseka, n'kuwabwezera kuti lole yawo ndi imene ikufunika kugonekedwa m'chipatala. Tsikuli sindinaseke.

"Miyala iyi ikupita kuti, alamu?"

"Mukufunsanso? Kukhoma. Tayamba kuunjika sabata yatha."

"Msonkhano usanachitike n'komwe?"

"Aa, msonkhano ndi wa anthu a mataye. Ife a malole timangomva kuti tsitsani apa."

Ndinalowa m'nyumba n'kuwapeza achemwali akupinda m'mphepete mwa yunifolomu ya sukulu, mapini atatu ali pakamwa. Ndinawagwira dzanja n'kuwatulutsa kuseri, alamu akutitsatira uku akupukuta manja. Ndinatola kamtengo n'kujambula pansi: mtsinje uwu, nyanja iyi, hotela apa, khoma apa, inu muli apa. Ndinawauza kuti kuchokera pakhoma la chipinda chosokera kukafika pamadzi pali mamita makumi anayi ndi awiri, ndipo khomalo likatha, mamita amenewo adzatha ngati sopo.

Achemwali analavulira mapini m'dzanja.

"Nyumba ino yakhala pano zaka makumi awiri ndi ziwiri. Nyanja imabwera, imabwerera. Iwe wakulira pompano, zimenezi sukuzidziwa?"

"Imabwerera chifukwa mchenga umabwera, achemwali! Akautsekera uko, ubwera kuchokera kuti? Zili ngati munthu wakhala pakhomo la khitchini n'kumalanda mbale iliyonse yotuluka. Amene ali pabalaza adya chiyani?"

"Nanga a bwana ako aja akuti chiyani? Si aja umati ndi anzeru kuposa anthu onse?"

"Achita mantha. Achotsa tsamba langa."

Alamu anali atasiya kumwetulira. Anakhala pachitsa, nayang'ana chojambula changacho nthawi yaitali.

"Alamu," anatero, mawu atatsika, "lole iyo yakhala pa njerwa zaka ziwiri. Inu munkabwera, munkaiona, nkhuku zikuikira mazira m'kati. Ana anga aakazi awiri ali kusekondale. Mwala uliwonse ndikutsitsa kumene kuja ndi buku, ndi nsapato. Mumsewu uno mokha anyamata khumi ndi asanu alembedwa ntchito. Mukufuna ndikawauze kuti alamu anga ajambula pamchenga, tiyeni tibwerere kukakhala pansi pa mtengo?"

"Ndiye mukugwetsa nyumba yanu yomwe ndi manja anu, mwala umodziumodzi!"

"Iwe, lankhula bwino ndi alamu ako," anatero achemwali.

"Ndilankhula bwino bwanji pamene nonse mwatseka makutu? Ndakhala zaka zitatu ndikupsa ndi dzuwa kuseri kuno, inu nomwe mumandipatsa madzi akumwa. Mumayesa ndinkasewera?"

Achemwali anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira ndili mwana ndikabwera ndi diresi long'ambika. Kenako anandiuza kuti mkazi wa kapitawo wa kampaniyo anabwera kudzasoketsa siketi, ndipo anawanong'oneza kuti hotelayo idzafuna makatani a zipinda makumi asanu ndi atatu, ndiponso mayunifolomu a antchito. Dzina lawo linali litalembedwa kale.

"Chiyambire sindinakupemphepo kanthu," anatero. "Unapita kusukulu, sindinati udzandibwezere. Unayamba ntchito, sindinabwere kudzaima pakhomo pako. Ili ndi pempho langa loyamba. Loweruka ukakhale chete."

Ndinafufuta chojambula chija ndi phazi n'kunyamuka, tiyi amene anali atandiikira pamoto osamudikira.

Kunena zoona, ndinapita kumsonkhanowo ndisakudziwa chimene ndikachite. Tsamba lija ndinalipinda kanayi n'kuliika m'chikwama, koma pempho la achemwali linkandilemera kuposa chikwamacho. Msonkhanowo unachitikira mu holo ya sukulu ya pulayimale. Malata ankathetheka ndi dzuwa, anthu atadzaza mpaka m'mazenera, amayi akudzipepeza ndi timapepala tokongola timene kampani inagawa pakhomo. Kutsogolo anapachika chithunzi chachikulu cha hotelayo: madzi obiriwira, mchenga woyera, maambulera. Nyumba za kumpoto pachithunzipo panalibe. Pamalo pake anajambulapo mitengo.

Ndinakhala kumapeto kwa tebulo la akuluakulu, Aphunzitsi ali pakati. Mkulu wa kampani anali munthu wa mawu ofewa, wodziwa kuseketsa. Analankhula za ntchito, za magetsi a mumsewu, za msika watsopano wa nsomba. Ndinaluma mlomo n'kumayang'ana zala zanga. Ndikanatha kupirira mpaka kumapeto. Koma kenako ananyamula lipoti lija m'mwamba.

"Ena amafunsa kuti, kodi khomali silitiwonongera gombe? Abale anga, ife sitichita zinthu mwachimbulimbuli. Akatswiri ayeza kwa zaka zitatu ndipo atsimikiza kuti palibe choopsa. Ndipo mmodzi mwa akatswiriwo si mlendo ayi. Ndi mwana wanu, wobadwira mumsewu womwe uno. Mayi, taimani anthu akuoneni!"

Holo yonse inawomba m'manja. Amayi ena analuluta. Ndinaona anthu amene anandiona ndikuyenda wopanda nsapato, amene ankandituma mchere, akundimwetulira monyadira. Amandikhulupirira. Munthu uja anatenga zaka zanga zitatu, dzina langa, ngakhale ubwana wanga, n'kuzisandutsa chivindikiro cha bodza lake.

Ndinaima monga anapemphera. Koma sindinakhalenso pansi.

"Ine sindinatsimikize zimenezo," ndinatero. "Zimene ndinalemba ndi izi, ndipo zinachotsedwa."

Ndinatambasula tsamba lija n'kuliwerenga lonse, mawu ndi mawu. Nditamaliza munali zii, moti ndinkamva malata akulira. Kenako phokoso linabuka ngati njuchi. Wapampando anamenya tebulo. Mayi wina wouma nsomba, wa mumzere woyamba, anaimirira mwana ali kumsana.

"Ndiye mukuti tichite chiyani, mwanathu?"

"Likaneni khomali. Ngati simungathe, auzeni alembe pano, pamaso panu, kuti chaka chilichonse azinyamula mchenga pamalole kuchokera mbali yawo kudzathira mbali yanu."

Mkulu wa kampani anaseka pang'ono, ngati bambo amene mwana wake walankhula zachibwana pamaso pa alendo. "Malole a mchenga pakati pa alendo akupuma? Chabwino. Ine si katswiri. Tiyeni timve kwa amene anaphunzitsa mayiwa."

Aphunzitsi anaimirira, chipewa chili m'manja. Sanandiyang'ane.

"Mtsikanayu ndi wakhama kwambiri," anatero. "Pa ophunzira anga onse sindinaonepo wina wotere. Koma nyanja ndi yovuta kulosera. Zimene wanenazi zikhoza kuchitika, zikhozanso osachitika."

Basi. Anandipha ndi chiyamikiro. Kumbuyo, kumene kunaima anyamata olembedwa ntchito aja, kunayamba kumveka mawu.

"Akhale pansi ameneyo!"

"Iye ali pantchito kale, akufuna ife tizidya mchenga wakewo!"

"Sukulu yamuzunguza mutu!"

Anthu anaseka. Omwe aja ankaluluta. Ndinayesa kufotokoza za mafunde, za zikhomo, koma mawu anga ankamira. Pamenepo mkwiyo unandichotsa nzeru. Ndinakwera pabenchi n'kukuwa ndi mphamvu zanga zonse.

"Chabwino, sekani! Wombani m'manja! Koma tsiku limene madzi adzalowe kuchipinda kwanu, musadzandiitane!"

Sindinachite dala, koma pamene ndinkanena mawu omalizawo maso anga anali pa achemwali. Anali pamzere wachitatu, atavala diresi lawo lopitira kutchalitchi. Anaimirira, nakonza diresilo bwinobwino kumbuyo, n'kutuluka pang'onopang'ono, anthu akuwapatsa njira.

Patapita milungu iwiri ndinalandira kalata yondisamutsira kumtunda kwa mtsinje, ulendo wa tsiku lathunthu, kukawerenga mizere ya pathabwa loyezera kuya kwa madzi. Ntchito yake inali ya mphindi khumi m'mawa ndi mphindi khumi madzulo. Nthawi yotsalayo ndinkakhala pamlatho n'kumayang'ana madzi ofiira akutsika ndi mchenga, ndikudziwa pamene mchengawo ukathere. Mkwiyo ndinkadzuka nawo, kudya nawo, kugona nawo. Achemwali sanandiimbire foni, inenso sindinawaimbire. Zinatero zaka ziwiri ndi miyezi isanu.

Amene anaimba anali alamu, m'mawa wina nyengo ya mphepo ili pakati. Sanandipatse moni wa adokotala a mchenga.

"Alamu, bwerani. Chipinda chosokera chapita."

Ndinafika mawa lake dzuwa lili pamutu. Ndinali nditalemba ndekha zimene zidzachitike, koma pepala silinandikonzekeretse kuziona. Pamene panali gombe lotsetsereka, pamene tinkayanika zovala, panali chiphompho chotalika kuposa munthu. Mitengo inali itagona m'madzi mizu ili m'mwamba. Masilabu a zimbudzi, zidutswa za makoma zopakidwabe laimu, theka la bedi, zonse zinkagubuduzika m'thovu. Nyumba khumi ndi imodzi zinali zitakhudzidwa. Ndipo ukatembenukira kum'mwera, kuseri kwa khoma lakuda lija, unkaona gombe lotambalala, loyera mbuu, maambulera atandandalikidwa monga momwe zinalili pachithunzi chija.

Pamwamba pa nyumba ya achemwali panali amuna anayi akuzula malata. Alamu anatsika atandiona. Anali atawonda. Anandiuza mwachidule kuti ntchito ya miyala inatha patangopita miyezi isanu ndi itatu, ndipo makatani aja anabwera osokedwa kale kuchokera kunja. Makina anawapulumutsa okha, khoma la chipindacho litayamba kung'aluka. Anangokwanitsa kuzula mutu wa makinawo. Tebulo ndi chopondera zinapita.

"Nenani, alamu," anatero. "Muli ndi ufulu."

Mawu amene ndinawasunga zaka ziwiri, ndikuwanola tsiku ndi tsiku pamlatho paja, anakana kutuluka. Ndinangowagwira dzanja.

Achemwali anatulukira atagwira mbali imodzi ya kabati ya mbale, mbali inayo ikukhukhuluzika pansi. Tsitsi lawo linali litayamba imvi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Unati tisadzakuitane. Ine sindinakuitane, akuitana ndi alamu ako. Koma popeza wabwera, gwira uku."

Ndinagwira. Tinanyamula kabati, matiresi, mipando, madengu a nsalu za eni ake zimene anali asanamalize kusoka. Tinkangolankhula za katundu: kweza, tsitsa, samala galasi.

Pobwerera kukatenga mapoto ndinaona munthu ataima m'mphepete mwa chiphompho, buluku atalipinda mpaka m'mawondo, tepi ili m'manja. Chipewacho ndinachizindikira ndisanaone nkhope: anali Aphunzitsi. Ndinamva kuti anapuma pantchito chaka chapitacho. Ndinaponya dengu pansi n'kupita komweko.

"Mwabwera kudzaona ngati zikhoza kuchitika kapena zikhoza osachitika?"

Anavula chipewa. "Mayi."

"Musanditchule mayi! Yang'anani uko. Mukuona chiyani? Kusintha pang'ono kwa gombe?"

Anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa kope lachikuto cholimba, lofufuma ndi chinyezi. Ndinalitsegula. Munali manambala a zikhomo zanga zonse khumi ndi ziwiri, mwezi ndi mwezi, kuyambira mwezi umene ndinasamutsidwa, osadumpha ndi umodzi womwe. Pachikhomo chachisanu ndi chiwiri: makumi anayi ndi awiri, makumi atatu ndi asanu ndi anayi, kenako kutsika, kutsika, mpaka zitatu. Patsamba loyamba analemba ndi dzanja lawo kuti iwo ndi amene anachotsa tsamba la khumi ndi chinayi, akudziwa kuti linkanena zoona. Pansi pake anasaina.

"Anthuwa akapita kukhoti adzafunika manambala," anatero. "Popanda umboni wa mwezi ndi mwezi, kampani idzati ndi mphepo chabe."

Ndikanayenera mwina kumva chisoni. Koma chimene chinandigwira ndi ukali woposa wa mu holo muja.

"Ndiye kuti mwezi uliwonse munkabwera kuno? Munkaima kuseri kwa nyumba ino, kukoka tepi, kulemba bwinobwino kuti yatsala ndi mamita angati kuti igwe, kenako n'kupita kwanu kukamwa tiyi? Pakamwa pamene munalephera kutsegula tsiku limodzi lokha, tsiku limene zikanathandiza! Anthu awa si lalanje loti muziliponya m'madzi n'kumaliyang'ana kumene lilowere!"

Amuna a padenga anasiya kukhoma. Aphunzitsi anangoweramitsa mutu.

"Zonse mwanenazi ndi zoona," anatero. "Koma sindinkabisala. Achemwali anu ankandigwirira kumapeto kwa tepi. Mwezi uliwonse ankandifunsa kuti atsala angati."

Ndinatembenuka. Achemwali anali ataima pakona ya nyumba, ketulo ili m'manja. Anamva zonse.

"Munkadziwa?" ndinawafunsa. "Nthawi yonseyi munkadziwa?"

"Ndinadziwa tsiku lomwe unajambula pansi lija," anatero. "Iwe sunanamepo chibadwire, ngakhale pamene bodza likanakupulumutsa ku chikwapu."

"Nanga bwanji munati ndikhale chete? Bwanji simunasamuke?"

"Kupita kuti?" Anakweza mawu koyamba tsikulo. "Tandiuza, iwe wophunzira, kupita kuti? Nyumba yoti nyanja ikuidya angaigule ndani? Ndinati mwina tisoke makataniwo, alamu ako atute miyalayo, tipezeko poyambira kwina madzi asanafike. Iwe unali ndi manambala. Ine ndinali ndi ana awiri ndi makina amodzi. Ndiye unaima pabenchi, pamaso pa anthu onse, n'kundiloza ine ngati chitsiru."

"Sindinakulozeni."

"Unandiyang'ana."

Mkwiyo wanga unali ukadalipo, wathunthu, koma unasowa pogwera. Ndinaika kope lija m'chikwama osathokoza. Aphunzitsi anavala chipewa chawo n'kumapita chakumpoto, kuchikhomo chachisanu ndi chitatu, tepi ikulendewera.

Kope limenelo linadzagwira ntchito. Mabanja a mumzere woyamba ndi wachiwiri anapita kukhoti, mayi wouma nsomba uja ali patsogolo, ndipo Aphunzitsi anaima n'kuvomera zonse pamaso pa woweruza. Mlandu unatenga zaka zinayi. Khomalo analidula pakati, kampani n'kulamulidwa kuti chaka chilichonse izithira mchenga mbali ya kumpoto. Nyanja inaima pamzere wachitatu. Nyumba makumi awiri ndi zisanu ndi imodzi sizinabwerere. Aphunzitsi ndinkawapatsa moni tikakumana pakhoti, koma sindinakhalenso nawo patebulo limodzi mpaka anamwalira, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino.

Koma zonsezo zinali m'tsogolo. Tsiku lija, pofika chakumadzulo, lole inali itadzaza mpaka pamwamba, malata atamangidwa ndi zingwe, mutu wa makina uli pampando wakutsogolo atawukulunga m'bulangete. Msuweni wa alamu anali atawapatsa zipinda ziwiri kuseri kwa galaja yake, kutali ndi madzi.

"Chitseko ndi mafelemu tidzazula mawa," anatero alamu. "Malo atha. Tiyeni, madzi ayamba kukwera."

Ndinakwera kumbuyo n'kukhala pamatiresi. Injini inalira. Achemwali anali asanakwere. Anabwerera kunyumba kuja, yopanda denga, yopanda khoma lakumbuyo. Kudzera pazenera la pabalaza ndinkaona nyanja yonse, ndi funde limodzi likukwera pasimenti, n'kufalikira mpaka pamene pankakhala tebulo lodyera.

Anakoka chitseko chakumaso, nalowetsa kiyi, nakhoma kawiri. Kenako anagwedeza chogwirira kuti aone ngati chakhomekadi, naponya kiyiyo m'thumba la diresi, n'kubwera kudzakwera lole.